Chule wa Mayi Loretta

A Vernon Tackett anagulitsa makapeti ku Toledo moyo wawo wonse, koma atapuma pantchito anadzuka tsiku lina ali katswiri wa zamagetsi. Sukulu yake palibe amene anaiona. Anagula chigalimoto cha nyumba, chokhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi, ndipo chisanu chikayamba ankatsikira kuchipululu cha Quartzsite, kumene nkhalamba zinzawo zimakaothera dzuwa. Kumbuyo ankakoka kagalimoto kofiira ka akazi awo, Mayi Loretta. Galimoto yokokedwa motere ife oyenda ndi nyumba timaitcha chule.

Chule amafuna mawaya anayi kuti magetsi ake azitsatira a chigalimotocho: wachikasu wa indiketa ya kumanzere, wobiriwira wa kumanja, wabulauni wa nyali zakumbuyo, woyera wa pachitsulo. A Vernon anakana makaniko. Ananjuta pakati pa magalimoto awiriwo atayang'anizana ndi mphuno ya chule, n'kulumikiza manzere a thupi lawo m'malo mwa manzere a galimoto, n'kukulunga tepi yochuluka ngati akumanga bala. Chiyambire tsikulo, iwo akamakhotera kumanzere, chule ankalonjeza kumanja.

Mwambo wa anthu oyenda ndi nyumba ndi wakuti musananyamuke, wina amakhala pachiwongolero, wina kumbuyo kuona magetsi. Malo a Mayi Loretta anali kumbuyo, m'fumbi ndi utsi.

"Kumanzere!" ankakuwa a Vernon pazenera.

"Yayaka ya kumanja, bambo."

"Eya, zili bwino. Mabuleki!"

Sikuti makutu anali ogontha ayi. Phukusi la madonati likangoti khwaa, ankalimva ali kuseri kwa galimoto. Mawu a mkazi okha ndiwo ankalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Madzulo, nyama ikupsa pamakala, ankaphunzitsa amuna anzawo za mawaya mimba ili patsogolo, n'kuwonjezera kuti, "Wangayu manzere ndi manja zimamuzungulira mutu." Ena ankaseka pofuna mowa wawo. Paja ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Chaka china lole inapsompsona chule kumbuyo n'kuphwanya bampala. Woyendetsa anatsika akulalata kuti indiketa yamunamiza. A Vernon anati achinyamata a masiku ano sadziwa kuyendetsa. Mayi Loretta zinawapweteka kwambiri, chifukwa pa katundu yense, kagalimotoko kokha ndiko kanali m'dzina lawo.

"A Vernon," anatero akutsuka makapu, "tisanachoke kuno, musinthanitse mawaya awiriwo. Apo ayi, ine ndi chule tikakhala kwa achemwali ku Tucson."

"Iwe, kodi kofi uja watha?"

Ntchito yake inali yosatenga nthawi ngakhale ya kapu imodzi ya kofi. Koma kusinthanitsa mawayawo kukanatanthauza kuti mkazi ananena zoona, ndipo munthu wamkuluyo akanalola kumeza tepi yonse kusiyana n'kuvomera zimenezo.

Tsiku lonyamuka linafika, dzuwa litayamba kuwotcha. Mayi Loretta anakaima pamalo awo, akuyembekezerabe kuti mwina bamboyo anakonza mwakachetechete kuti asachite manyazi. Akanawakhululukira, osatchulanso.

"Kumanzere!"

Inaphethira ya kumanja.

"Ndatsala, a Vernon. Muyende bwino."

"Eya, zili bwino. Mabuleki!"

Monga mwa chizolowezi, a Vernon anakweza wailesi n'kuyamba donati podikira kuti injini itenthe. Mayi Loretta anasolola mapini a chokokera, kumasula maunyolo, kuzula chingwe cha magetsi, n'kupinda zitsulozo bwinobwino. Kenako anamenyetsa chitseko cha m'mbali ali panja, chifukwa phokoso limenelo ndilo linkauza amuna awo kuti mayi alowa, akukagona. Chule saoneka pa magalasi a chigalimoto chotere, ndipo kamera ya kumbuyo a Vernon ankati ndi ya anthu osadziwa kuyendetsa.

Chinyumbacho chinagwedezeka n'kunyamuka, mwini wake akukweza dzanja kutsanzika anansi ngati bwana. Anansiwo anakwezanso manja, maso ali pa chule wotsala.

Makiyi a chule anali momwemo, paja amayenda nawo kuti chiwongolero chisakhome. Mayi Loretta anatsatira fumbi la amuna awo mpaka pamphambano, pomwe chigalimotocho chinakhotera kumanja, njira ya kwawo. Mayiwo anayatsa indiketa ya kumanzere, ndipo chule anakhoteradi kumanzere.