Nambala ya Pamphumi pa Kompyuta Yanga

Mboni zanga ndi zitatu: sisitere wa ku mishoni, mlamu wanga woweta ng'ombe ku Palabana, ndi katekisiti amene chibadwire sananamepo kupatula pa zaka zake. Kawafunseni.

Ndinagulitsa ng'ombe ziwiri n'kugula kompyuta kwa mkulu wina wa ku Lusaka, kuti ndizilembera anthu makalata pa boma la Chongwe. Anati ndi ya mtundu wamphamvu wotchedwa 486. Pamphumi pa bokosilo pankayaka nambala yobiriwira, 66, ndipo anati ndilo liwiro lake.

Koma kuchedwa kwake! Ndinkayatsa, kupita kumsika, kukangana mtengo wa kapenta, pobwera makina akadayasamula. Tsiku lina nkhuku inaikira dzira pambali pake, n'kufungatira, mwanapiye n'kutuluka chilembo choyamba chisanaoneke. Ndikulumbira.

Sisitere ankadziwa makina. Anati bokosi salifunsa, amafunsa ubongo uli m'katimo. Tinalemba timizere tolamula kompyuta kuwerenga manambala kwa mphindi imodzi. Ya ku mishoni, 486 yeniyeni, inawerenga ngati ikuthawa njuchi. Yanga inalekera pa kotala ya manambala amene inzakeyo inawerenga. Kenaka sisitere analowetsa mu yangayo disiketi yokhala ndi pulogalamu yofunsa makina mtundu wake. Makinawo anaulula osamenyedwa: 386 yachikale, liwiro 16.

Mkulu uja atabwera, tonse anayi tinamukhazika pansi.

"Bakamba, makina sanama," anatero mkuluyo, akunditchula ngati bwana wake. "Onani, 66."

"Nanga iyi 16?" ndinafunsa.

"Ni fumbi ya kuno. Ku Lusaka inali kuthamanga."

Mlamu wanga sadziwa kuwerenga, koma sagula ng'ombe asanaiyang'ane mano. Anamasula bokosilo ndi mpeni. Kuseri kwa nambalayo kunali timapini totsekedwa ndi tizipewa takuda. Sisitere anasuntha tiwiri, pamphumi n'kuyaka 99.

"Manje ili na liwiro, ka?" anafunsa katekisiti. "Tiimange, ingathawire ku Silverest."

Mkuluyo sanaseke. Ankayembekeza kugulitsa makompyuta ena ku sukulu ya mishoni, ndipo sisitere anamuuza mofatsa kuti iliyonse idzayamba yaonana ndi disiketi. Pomwepo anakumbukira kuti mwina mtengo wanga anauphonya pang'ono. Pang'onopo panali mtengo wa ng'ombe yathunthu, ndipo analonjeza kunditumizira ndalamazo pa minibasi.

Masabata atatu ndinkadikira pa siteshoni, mpaka anthu anayamba kundifunsa nthawi yonyamukira mabasi. Lachisanu lina kondakitala wa minibasi anandiponyera envelopu pawindo. Pamwamba panalembedwa nambala ya ndalama zonse. Ndinaing'amba pomwepo, n'kuwerenga kapepala kalikonse katatu, kuunika padzuwa. Zinali zokwana.