Chitsononkho cha amayi aakulu

Amene anandilera sindiwo anandibereka. Amayi anga anali ndi ana ambiri pa komboni ya antchito a pa famu ina kufupi ndi Selous, ndipo nditangosiya bere anandipereka kwa mkulu wawo amene ankakhala ku Ingezi, ku Kadoma, wopanda mwana. Amayi aakuluwo ndiwo anandiphunzitsa kupalasa makina osokera, ndiwonso anandikwapula ndi tepi yoyezera tsiku limene ndinadula nsalu ya mwini wake molakwika. Nyumba imene ndikukhala lero ndi yawo, makinanso ndi omwewo. Maovolosi a anyamata okumba golide ku Battlefields ndimasokera pamenepo.

Atamwalira tinakawaika ku famu kuja, kumene kuli manda a makolo athu. Ife obadwira kuno miyambo tinachita kutola ponseponse, wina wa kwathu ku Malawi, wina wa anansi athu Achishona, mpaka sitidziwanso kuti uwu tinabwera nawo kapena tinaupeza. Umodzi mwa miyamboyo umati mkazi womwalira osabereka amumangirire chitsononkho cha chimanga kumsana. Achishona amachitcha guri. Amati akatero womwalirayo amayesa wabereka mwana, ndipo sabwerera kudzavuta atsikana a pabanja.

Nditaona gogo wina wa pa komboni akubwera nacho m'manja, mutu wanga unatentha.

"Nanga ine ndine ndani? Si mwana wawo ine?"

"Iwe unatuluka m'mimba ina, mwanangu," anatero gogoyo, osandiyang'ana n'komwe.

Amayi ondibereka analandira chitsononkhocho, nalowa okha m'chipinda mmene munali mtembo, natseka chitseko. Ndinawakwiyira zaka zambiri chifukwa cha chitseko chimenecho.

Za ukwati sindinganene kuti unandikana wokha, nanenso ndinaukana. Mwamuna mmodzi ankandifuna ine pamodzi ndi nyumba, koma nyumba patsogolo. Wina anapita ku Joni kukafuna ntchito ndipo akufunabe. Mwamuna sindinkamusowa kwenikweni, mwana ndiye ndinkamufuna, ndipo pamene zaka makumi anayi zinkayandikira chilakolakocho chinasanduka mantha. Ndinkasoka mayunifolomu a ana a eni, ndikawayeza m'chiuno manja anga ankachedwa dala.

Namwino wina amene ndimamusokera ndiye anandiuza za dokotala wa ku Harare amene amathandiza ngakhale akazi osakwatiwa. Ndinapita ngati wokaba. Dokotalayo anali mayi wofatsa, ndipo sanandifunse kuti bambo ali kuti. Anati njira yopepuka ndi kutenga mbewu ya mwamuna wosadziwika, yoyezedwa matenda ndi kusungidwa pozizira, n'kuiika m'chiberekero ndi kachubu pa masiku oyenera. Ikakanika imeneyo, amatulutsa mazira a mkazi, n'kuwakumanitsa ndi mbewuyo kunja, kenako n'kubwezera. Ndipo mazira akakhala otopa, pali akazi ena amene amapereka awo. Anandiuza mosabisa kuti pa msinkhu wanga palibe njira imene angalumbirire. Ndinasankha yoyamba, chifukwa ndi imene makina anga akanaikwanitsa.

Nthawi imeneyo n'kuti amayi atachoka pa famu, akukhala ndi mchimwene wanga ku Chegutu. Ndinaona kuti ndi bwino amve kwa ine, osati kwa anthu a m'kombi, minibasi za kuno. Nditawauza, mchimwene anaseka mpaka kutsamwa sadza, nsima ya kuno.

"Ndiye kuti achemwali mwapeza fisi wa m'botolo? Kale fisi ankalowa usiku, lero mukulipira mari kuti mumutsate ku Harare. Nanga mwanayo mutupo wake, mfunda wa kwa bambo, adzati ndani?"

"Iwe mutupo wako unakugulira chiyani? Mwana kwathu ndi wa kuchikazi, kapena waiwala?"

Anasiya kuseka, poti anzake akhala akumunyoza kuyambira kusukulu kuti ndi mlendo wopanda mutupo. Koma amene ndinkawayang'ana ndi amayi. Iwo anangopukuta manja pa chitenje n'kunena motsitsa kuti, "Sizitheka zimenezo." Ndinamva ngati akuchita nane manyazi, ndipo ndinanyamuka osatsanzika.

Ndinaphunzira kudzibaya pamimba jakisoni wokhwimitsa mazira, ine amene ndimaopa ngakhale singano ya makina ikathyoka. Ulendo woyamba sunaphule kanthu. Ndinati poyamba sipawerengedwa. Ulendo wachiwiri masiku anga anachedwa pang'ono, ndipo mwa uchitsiru wanga ndinadula kansalu kachikasu n'kusoka kamalaya kopanda manja. Sabata isanathe ndinapita kumwezi. Nditabwerera kwa dokotala anandionetsa pa kanema wa makina ake tinthu takuda tiwiri kapena titatu, nati mazira atsala ochepa, tikhoza kuyesanso kamodzi, koma ndiyambe kuganizira njira zina zija.

Pobwerera sindinafike ku Kadoma. Ndinatsika pa Chegutu, sindikudziwa chifukwa chake, mwina munthu zikamuvuta amafuna amake ngakhale atayambana. Amayi ndinawapeza okha, akusankha nyemba pakhonde. Anandiyang'ana kumaso n'kudziwa. Analowa m'nyumba, ndinamva sutikesi yawo yachitsulo ikukokedwa pansi pa bedi, ndipo anatuluka ndi kanthu kokulungidwa mu duku yakale. Anakaika pamiyendo panga. Chinali chitsononkho, chouma, chopepuka ngati pepala.

"Sindinawamangirire," anatero. "Nditatseka chitseko chija ndinamva iwe ukulira panja kuti ndiwe mwana wawo. Ndinati zoona, ndinawapatsa ndekha mwana ameneyu, lero ndiwanamize ndi guri? Ndinachibisa m'chiuno."

Zaka zonsezo ndinkadana ndi munthu amene anali kumbali yanga. Ndinafuna kuwagwira dzanja, koma anali asanamalize.

"Ndiye ona tsopano. Azing'ono ako onse ali ndi ana, iwe wekha. Akulu anga anapita kumsana kulibe kanthu, ndipo amene akumugwira ndiwe, poti ndiwe amene amakudziwa. Ndinakutseka ndine, mwanawe. Madokotala akudya mari yako chabe."

Ndinawauza za mazira, za msinkhu, zonse zimene dokotala ananena. Ndinawakumbutsa kuti iwo ndi mayi wa chigwirizano ku tchalitchi, yunifolomu yawo ndinasoka ndine. Ndinati amayi aakulu sakanandichita choipa ali moyo, angayambe bwanji ali m'manda? Ankangogwedeza mutu.

"Tipite tikachikwirire pamanda pawo. Ukafuna kubwerera kwa dokotala wakoyo ubwerere, koma tiyambe takawapatsa mwana wawo."

"Mwana wawo ndine, amayi."

"Ndikudziwa. Koma iweyo ukufuna wako."

Ndinapita nacho ku Ingezi chitsononkhocho, ndipo chinakhala m'dirowa ya makina pamodzi ndi mabatani. Sindinkakhulupirira, ndipo mpaka lero ndikafunsidwa ndimati sindikhulupirira. Koma ulendo wotsala unali umodzi. Ndikamapalasa makina ndinkangoti, nanga zitakhala zoona? Chingandivute n'chiyani kukumba kadzenje? Kenako ndinkakumbukira mawu a gogo uja, akuti ndinatuluka m'mimba ina, ndipo ndinkadziwa kuti ndikakumba ndiye kuti ndavomera. Munthu wofuna mwana amafika pogulitsa zinthu zimene ankati sizigulitsidwa.

Tinapita Loweruka lina m'mawa, ine ndi amayi. Famuyo ili ndi eni ena tsopano, tinachita kupempha pa geti. Komboni inagwa, manda ali m'tchire, ndipo a amayi aakulu tinawazindikira ndi mbale yawo ya enamelo imene inali ikadali pamwamba, yodzaza dothi. Amayi anagwada movutikira nayamba kuomba m'manja. Ndinawauza kuti akhale, mawondo awo sangathe. Ndinakumba ndekha ndi kakhasu kobwereka, chakumutu, pambali pang'ono.

"Lankhula nawo," anatero amayi. "Uwauze kuti wabweretsa mwana wawo."

Ndinatsegula pakamwa. Zimene zinatuluka ndi zakuti, "Amayi, ndine. Ndabwera." Chitsononkho chili m'manja, ndinaima pamenepo nthawi yaitali, amayi akudikira mawu enawo. Sindinawanene. Koma ndinachiika m'dzenjemo, ndinakwirira, n'kutsendera dothi ndi chikhatho changa.

M'kombi pobwerera amayi anagona tulo, mutu uli paphewa langa, nkhope yawo itamasuka ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Ine ndinkachotsa dothi m'zikhadabo.

Ulendo wachitatu ndinapita mwezi wotsatira. Ndinabaya majakisoni onse pa nthawi yake, ndinagona chagada monga anandiuzira, sindinakhudze makina sabata yathunthu. Masiku anga anafika osachedwa ngakhale tsiku limodzi.

Za mazira a mkazi wina dokotala akudikirabe yankho langa. Akuti mwanayo ndidzamunyamula ndine, ndidzamuyamwitsa ndine, adzakhala wanga ngakhale magazi ndi a eni. Ndimamumva, ndipo ndikanakonda kumukhulupirira. Kungoti mkazi amene anandiphunzitsa zimenezo pondilera ndinakamukwirira chitsononkho ndi manja angawa.