Wopha Mbuzi ndi Fomu ya Mwana Wake

A Nason Mtonga akhala akupha mbuzi pa msika wa Lundazi kwa zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo ogula nyama amawadziwira chala chawo chamkombaphala chimene chinatsala theka. Anabadwira ku Mphamba, analima fodya wa eni ake mpaka msana unakana, kenako anabwera ku boma ndi mpeni umodzi ndi mkazi mmodzi, Angelina, amene iwo amamutchula kuti Nyazimba. Mpeni uja unatha kalekale ndi kunola. A Nyazimba alipobe, ndipo pakamwa pawo sipanabunthe.

A Nason ndi munthu wokhutira ndi moyo wawo. Akapha mbuzi m'mawa, wa zanyama akaona chiwindi ndi mapapo n'kudinda chidindo, iwo amakhala pa benchi kuseri kwa sikelo n'kumanyoza aliyense wodutsa, ndipo onyozedwawo amabweranso mawa. Koma kubanja la a Mtonga kuli matenda oyenda m'magazi. Bambo awo anatupa miyendo, anayamba kubanika, namwalira imvi zisanamere. John, mng'ono wa a Nason, anapita njira yomweyo. Kumudzi analozana zala mpaka banja lina linasamuka, pamene madokotala ankangoti mtima unakula n'kufooka.

Sophia, mwana wawo womaliza, anali ku sekondale pamene John ankamwalira, ndipo funso la mtimawo silinamuchoke. Anakaphunzira ku Lusaka, kenako ku yunivesite ina ku Joni, ndipo anakhala komweko zaka khumi ndi ziwiri akufufuza za mitima. Ntchito yakeyo a Nason sankaimvetsa, koma sizinawaletse kuifotokoza. "Ni dokota wa mitima," ankauza makasitomala, "koma sapima anthu, apima tumbale."

Zaka zitatu zapitazo iwonso anayamba kupuma mwawefuwefu akanyamula mbuzi paphewa. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi, ndipo anthu atatha kukumba mtedza Sophia anabwera ndi anzake a kafukufuku. Masana ena anakhala pansi pakhonde, pafupi ndi mpando wa bambo ake, fomu ili pamiyendo.

"Adada, tifuna magazi yanu pang'ono chabe," anatero Sophia. "M'magazi muli tumaselo, tunthu tung'ono tumene tupanga thupi. Tizatubweza ku ukhanda, pamene tukalibe kusankha nchito, ndiye tizatuphunzitsa kukhala mtima. Tuzayamba kugunda mu mbale. Pamenepo tizaona chimene chifooketsa mitima ya kwathu, na mankhwala tizayesela pamenepo, osati pa munthu."

Magazi sanawaopse a Nason. Aneba ankanong'ona kuti otenga magazi ndi a satana, iwo n'kuseka kuti ngati ndi choncho ndiye kuti mkulu wa mpingowo ndi iwowo, poti magazi amasamba nawo tsiku ndi tsiku. Chimene chinawaimitsa ndi funso la kumapeto kwa fomu. Panali timabokosi tiwiri: mwiniwake akadzamwalira, maselo aja atayidwe, kapena asungidwe kuti ntchito ipitirire.

"Asungidwe mpaka liti, Nyamtonga?" anafunsa, akumutchula mwana wawo dzina laulemu.

"Mu filiji yathu angakhale olo zaka fifite, adada."

Apa mpamene panali nkhani. A Mtonga onse amagona manda amodzi ku Mphamba. Ngakhale amene anafera ku migodi anabwera nawo pa lole, masiku awiri pamsewu, chifukwa munthu amayenera kugona kwawo ndiponso wathunthu. A Nason anadzisankhira kale malo pafupi ndi John, ndipo akawaganizira malowo mtima unkakhala m'malo.

"Manje ine nagona ku Mphamba, mtima ugunda ku Joni," anatero. "Nizakhala wakufa olo wamoyo? Anzanga nizawapeza bwanji, nili hafu?"

A Nyazimba, amene ankasenda mtedza poteropo, sanadikire kufunsidwa. "Chala chanu chinapita na galu wa pa msika, sitinaone mukulila malilo. Mano yatatu munasiya ku Chipata. Hafu munakhala kale imwe."

"Chala sichigunda, Nyazimba."

Mayi aja anapitiriza kusenda mtedza wawo. A Nason anachonga bokosi loyamba, loti adzatayidwe, nasaina. Sophia anangothokoza kuti, "Yewo, adada," n'kupinda pepala lija pang'onopang'ono. Sanatsutse ngakhale liwu limodzi. Bambo ake anaona kuti mwana wakhumudwa ndipo zinawapweteka, koma m'mawa mwake anakapereka mkono kuchipatala, nkhope atayang'anitsa kukhoma, pakuti munthu wa mipeniyu singano amaiopa ngati mwana.

Panapita chaka ndi miyezi. Mapiritsi ankagwira ntchito, miyendo inaphwa, ndipo a Nason anasiya kunyamula mbuzi koma kunyoza sanasiye. Tsiku lina chakumasana, ntchentche zitachuluka kuposa ogula, foni inalira m'thumba la epuloni. Sophia anali atatumiza vidiyo. Anapukuta manja, nabisa foni kumthunzi wa sikelo kuti aone bwino.

Munali tinthu tiwiri totuwa, china kumanzere china kumanja, ndipo tonse tinkagunda ngati liwombo la khanda. A Nason anatiyang'anitsitsa. Kenako diso la ntchito linadzuka. Munthu amene waona mitima zikwizikwi safuna kuuzidwa: cha kumanzere chinkafinya mwamphamvu, cha kumanja chinkangoyesa, mwaulesi, ngati chatopa. Anaimba foni pomwepo.

"Ka ku laiti, ka kumanja aka, ndiye ine, ayi?"

"Ndimwe, adada. Kinako ni ka munthu wabwinobwino."

"Kaulesi monga mwine wake," anatero.

Sophia anawauza kuti apeza pamene pamalakwika, ndipo ayamba kuthira mankhwala osiyanasiyana kuti aone amene angakalimbitse. Ena sankachita kanthu, amodzi ankaonetsa ngati akuthandiza. A Nason anafunsa kuti ntchitoyo idzatha liti.

"Zaka teni, kapena fifitini. Sitingathamange."

"Nanga Obby? Munamupima uja."

Obby ndi mwana wa malemu John, bambo wa ana awiri, amene amayendetsa minibasi ya ku Mwase. Sophia anati za munthu wina sangaulule, akamufunse mwiniwake. Madzulo ake a Nason anamupeza pa siteshoni, ndipo Obby sanabise: mtima wake nawonso wayamba kukula, ngakhale iye sakumva kalikonse.

A Nason anabwerera kunyumba wapansi, pang'onopang'ono monga anawalangizira kuchipatala. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri. Zaka khumi ndi zisanu sankaziyembekezera, ndipo sankadandaula nazo. Koma tsopano anaona chimene anasaina: tsiku limene iwo adzatsike m'manda, wina ku Joni adzatsegula firiji n'kutaya mbale ija, ntchito ili pakati. Mwana wawo ankadziwa zimenezi tsiku lija pakhonde, ndipo anangoti yewo. Anachita manyazi, komanso anamunyadira mwanayo kwambiri.

Manda a ku Mphamba sanasiye kuwakoka. Milungu ingapo ankadya pang'ono, ndipo pa benchi paja anthu ankadutsa osanyozedwa mpaka ena anafunsa ngati akudwala. Vidiyo ija ankaionera kawirikawiri, ndipo pang'ono ndi pang'ono anayamba kukakonda kanthu kaulesi kaja, kamene kankagundabe ngakhale kotopa.

Pa Khirisimasi Sophia anabwera, bambo ake atamuuziratu pa foni kuti asaiwale fomu yatsopano. Anakhalanso pakhonde pomwe paja, namwino wa kuchipatala ali mboni. Sophia anawerenga zonse kuyambira pamwamba, nawakumbutsa kawiri kuti palibe akuwakakamiza.

"Nimvela, Nyamtonga. Nipatse bolopeni."

Anachonga bokosi lachiwiri mosamala, nasaina dzina lonse. Sophia anayang'ana kumbali, misozi ili m'maso. A Nyazimba anafunsa kuti nanga akuluakulu a ku Mphamba adzawauza chiyani, poti nkhaniyi yafika kale kumeneko.

A Nason anabweza bolopeni, natsamira mpando wawo.

"Mukaike chimene chilipo, pafupi na John. Akafunsa zinazo, muwauze kuti a Nason akali pa nchito."