Mapiko a Matumba a Mchere

Ntchito yanga pa esiteti inali yokhoma mabokosi otumizira tiyi. Ndinali kalipentala wamng'ono, ndipo ndinkakhala chikamwini m'mudzi wa mkazi wanga, cha ku Kapichi.

Ndege ndinaiona pafupi kamodzi kokha. Dalaivala wa lole ya pafakitale, Msilamu wina wofatsa, ananditenga tsiku lina kuti ndizikakonza mabokosi osweka panjira ya ku Limbe. Titatsitsa katundu anati, "Achimwene, tiyeni mukaone chinthu." Ndegeyo inali itaima pabwalo la udzu, ya mapiko anayi, awiri pamwamba awiri pansi. Mlonda anatilola kuyandikira. Nditagogoda phiko ndi chala ndinadabwa: inali nsalu chabe, yokungidwa pamitengo ngati ng'oma. Ndinaiyeza ndi mapazi, m'litali ndi m'mapiko momwe, n'kulemba pakapepala. Pobwerera ndinali nditatsimikiza kale kuti ndipanga yanga, phazi lililonse la ndegeyo likhale zala ziwiri pa yangayo.

Mkazi wanga atamva anaseka mpaka misozi.

"Anzanu akusema mipini ndi mitondo, inu ndege? Idzatitengera kuti?"

"Kuseri kwa Mulanje, mukaone kwawo kwa amayi anu."

"Ndiye mupange yolimba, ine ndine wolemera."

Ntchitoyi ndinkaigwira Lamulungu masana tikabwera kutchalitchi. Thupi ndinapangira zidutswa za matabwa zimene akapitawo ankandilola kutola, nthiti za mapiko ndinasenda nsungwi. Chilimwe chonse chinathera pamenepo. Itafika nthawi yoiveka nsalu, manja anga analephera. Ndinkang'amba bafuta ndi kudzibaya singano. Mkazi wanga uja, amene ankaseka, anandilanda.

"Bweretsani kuno, mukuononga nsalu."

Anasoka phiko limodzi lapansi, misoko yaing'ono yofanana bwinobwino, n'kulipaka phala la chinangwa kuti nsalu ikungike ikauma. Nthawi imeneyo anali ndi pakati pathu poyamba. Atamaliza anati msana ukumupweteka, atatu otsalawo adzasoka akachira. Bafuta wotsala anapinda n'kuika m'dengu.

Matenda anamuyamba mvula ili pakati. Azamba analimbana naye masiku awiri, kenako tinamunyamula pamachira kupita kuchipatala cha mishoni. Mtsinje unali utadzaza. Tinadikira m'mbali mwake, ndipo anatisiya pomwepo, iye ndi mwana yemwe. Kumudzi amayi osambitsa maliro atafunsa nsalu yoyera, m'nyumba munalibe ina. Ndinatsegula dengu lija ndi manja anga n'kuwapatsa.

Ndege ndinaiika kudenga. Kuntchito ndinkapita, mabokosi ndinkakhoma, koma Lamulungu masana ndinkangokhala pakhonde kuyang'ana chifunga chikutsika m'minda ya tiyi. Dalaivala uja ankandifunsa, "Yauluka, achimwene?" Ndinamunamiza kuti inadyedwa ndi chiswe, ndipo sanafunsenso. Utsi unaidetsa, mavu anamangamo. Tsiku lina ndinaitsitsa kuti ndiisonkhezere pamoto, koma nditaona misoko ija ndinaibwezera komweko. Kuitaya sindikanatha, kuigwira sindinkafuna. Chaka chinatha chotero.

Ndi apongozi anga, amayi ake a malemuyo, sitinkayang'anana kumaso. Tikakumana panjira iwo ankapatukira kutchire, monga mwa ulemu wa kwathu. Choncho ndinadzidzimuka masana ena a chiperoni nditamva akuodira. Anakhala pakhonde, msana atalozetsa kuchitseko.

"Apongozi, mulimo?"

"Ndilimo, amayi."

"Mwezi wa mawa abale agwirizana zokusudzulani, mukhale omasuka kupita kwanu. Sikukuthamangitsani ayi. Mwakhala nafe bwino."

Ndinavomera. Ndinkadziwa kuti tsikulo lidzafika, popeza ndinalibe mwana wondimanga pamudzipo. Kenako anati, "Chinthu chija mwana wanga ankasoka munachitaya?"

"Chili kudenga."

"Tsitsani. Zovala zake zinagawidwa, miphika yake inasweka. Ndikufuna ndione pamene panadutsa dzanja lake."

Ndinaipukuta mwaye n'kuiika pambali pawo. Anayendetsa chala pamisokoyo, kuchokera kunsonga mpaka kuthupi, akuyankhula motsitsa m'Chilomwe mawu amene amayi amauza khanda. Ndinabwerera m'nyumba kuti alire bwino.

"Ndinamuphunzitsa ndine," anatero pambuyo pake, "koma anandiposa. Nanga atatuwa akhala osavala mpaka liti?"

"Nsalu inapita naye, amayi. Ndipo manja anga akukana."

"Anganso amakana ndikafika m'munda mwake. Ndimalimabe."

Lamulungu lotsatira anabwera ndi matumba awiri a mchere, atawachapa mpaka kuyera. Anapeza nthiti za phiko lachiwiri zitathyoka ndi chinyezi, ndipo anabwerera osasoka kanthu. Ndinachita manyazi. Lolemba nditaweruka ndinakadula nsungwi. Ndisaname, sikuti mtima unali utabwerera. Ndinkangoopa kuti munthu wamkulu abweranso pachabe.

Tinagwira chotero masabata anayi, iwo pakhonde, ine pansi pa mtengo wa mapeyala, aliyense atayang'ana kwake. Ndikamaliza phiko ndinkaliika pamphasa, iwo n'kulitenga. Maso awo anali atayamba kuchita mdima, motero misoko inkatuluka ikuluikulu, yokhotakhota, ndipo pa phiko lina zilembo za pathumba zinkaonekabe. Nthawi zina ankandiuza za mwana wawo: mmene anam'berekera kumbuyo pothawa kwa Apwitikizi, mmene ankaopera achule. Zambiri ndinali ndisanazimvepo.

Sabata lachitatu, ndikusema chopalasira mphepo cha kumphuno, ndinazindikira kuti ndikuimba mluzu. Ndinaleka msanga ngati ndagwidwa ndikuba, misozi n'kuyamba kugwera pamtengo umene ndinkasema.

"Pitirizani," anatero apongozi osatembenuka. "Nyimbo imeneyo ankaikonda."

Tinamaliza kutatsala tsiku limodzi kuti andisudzule. Ndinamangirira mapiko apamwamba ndi tiwaya, ndinaika mawilo, ndipo itaima pamphasa inali ndege ndithu, ngakhale mbali imodzi inkalemera. Ndinawafunsa ngati angakonde kuisunga. Anangoinyamula, n'kuifunditsa nsalu yawo kuopa mvula yowaza, n'kupita nayo kunyumba kwawo.

M'mawa mwake akuluakulu ananena mawu awo, ine ndinamanga sowo, randa yopalira matabwa ndi mphasa, kulunjika kunyumba za antchito pa esiteti. Apongozi anandiperekeza ali m'mbuyo mpaka pamtsinje. Pamenepo anandiitana, ndipo nditatembenuka anandiyang'ana kumaso koyamba chikwatirire mwana wawo.

"Mukapeze wina, mwanawe. Koma mukamadutsa muziodira."

Ndinaodirako kawiri kokha. Ulendo wachitatu ndinapita kumaliro awo.