Ndinkakhoza Mayeso Koma Kompyuta Sindinkadziwa Kuitsegula

Inu owerenga, makamaka amene muli ku koleji, ine ndinapusa ndili ndi nzeru zanga. Zaka zitatu ndinaphunzira masamu ndi za makompyuta, mayeso ndinkakhoza bwino, koma kompyuta ndinali ndisanaitsegulepo n'kuona za m'mimba mwake.

Ndinakulira m'malaini, nyumba za antchito, pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Mayi anga ankathyola tiyi, ndipo ine ndinkaona kuti pa mgwazo, ntchito yoyezeredwa munthu aliyense pa tsiku, lamulo n'limodzi: mzere wako, dengu lako, sikelo yako. Ukamayang'ana mzere wa mnzako, dengu lako limapepuka. Maganizo amenewa ndinawanyamula onse kupita nawo ku koleji.

Kumeneko kunali kalabu ya ophunzira masamu ndi makompyuta. Lachitatu masana ankakumana m'kachipinda kodzaza ndi makompyuta akufa n'kumawaphwasula, kulemba mapulogalamu pamodzi, ndipo nthawi zina ankakaphunzitsa masamu m'masukulu a sekondale. Mtsogoleri wawo, Tiyanjane, mtsikana wa m'kalasi mwathu, ankandiitana kawirikawiri. Ine ndinkamuseka kuti zimenezo zilibe malikisi, komanso sindinabwerere umakaniko.

Pa tchuthi cha mu 2004 zinandionekera. Kompyuta ya mu ofesi ya fakitale ya tiyi inayamba kumangozima yokha. Mayi anga anali atalengeza kale malaini onse, m'Chichewa ndi m'Chilomwe momwe, kuti mwana wawo ndi katswiri. Anauza akapitawo, akapitawo n'kuuza amanijala. Amanijalawo anati ndikaikonza andipatsa malo ophunzirira ntchito mu ofesimo, ndipo ndikamaliza sukulu adzandilemba. Tangoganizani, mwayi woti ndiwatule mayi dengu kumsana!

Ndinalowa mu ofesimo nditamanga tayi, mayi ataima pawindo. Ndinaiyatsa, inazima. Ndinaiyatsanso, inazimanso. Ndinayamba kulavula Chingerezi cha m'mabuku. Amanijala anandimvetsera mpaka kutopa, kenako anati, “Achimwene, nanga simuitsegula?” Ine pomasulira pomwe sindinkapadziwa. Nditacheukira pawindo, mayi anali atachokapo. Zimenezo ndi zimene zinandiwawa koposa.

Ndinameza manyazi, n'kupita pa boma kukamuimbira foni Tiyanjane. Mawa lake anatsika minibasi yochokera ku Limbe, sikuludiraiva ili m'kachikwama. Atamasula, tinapeza fani itatsekeka ndi fumbi la tiyi, n'chifukwa chake kompyutayo inkatentha n'kuzima. Anandipatsa kaburashi akuseka. “A malikisi, gwirani apa mupukute nokha. Siluma.” Inayaka osazimanso. Malo aja anapatsidwa iyeyo, ndipo sindinganame, anali omuyenera.

Kunyumba ndinayesa kudzitchinjiriza. Ndinauza mayi kuti ndinkangosamala mzere wanga monga amachitira iwo. Anandiyang'ana modabwa.

“Iwe, ukuyesa kuthyola tiyi ndinabadwa nako? Anandigwira dzanja ndi anzanga a mzere woyandikana nawo. Tsiku limene unadwala malungo, dengu langa anadzaza ndani?”

Loweruka lake mayi anapita kumsika wa pa boma n'kundigulira sikuludiraiva yachogwirira chofiira. Anangoiika pamabuku anga.

Chaka chomaliza ndinalowa kalabu ija ngati mwana wa Sitandade 1. Ana a chaka choyamba ndi amene ankandiphunzitsa kumasula ndi kubwezera zipangizo, ine n'kumawathandiza masamu. Ndinaphunzira kufunsa, kuvomera kuti sindikudziwa, ndiponso kuima pamaso pa kalasi osanjenjemera. Ndinasangalala kuposa zaka zitatu zonse zija, ndipo malikisi anga sanatsike n'pang'ono pomwe. Ntchito imene ndikugwira ku Blantyre anandiuza ndi mnzanga wa m'kalabu yomweyo. Mayi anatula dengu, ndipo pa tchuthi ine ndi Tiyanjane timatenga makompyuta akale kukaphunzitsa ana asukulu kwa Changata.

Choncho inu a masamu ndi makompyuta, mabuku werengani, koma anzanu akakuitanani kukalabu, kumpikisano wa masamu kapena kokaphunzitsa ana, musamafunse za malikisi. Pitani mukadetse manja. Ine ndinachedwa, ndipo kuchedwako kunachititsa mayi anga manyazi pawindo paja.

Masiku ano akamandionetsa kwa alendo sanenanso za ukatswiri. Amangoti, “Uyu ndi mwana wanga. Amatsegula.”