Zomatira za Mluza

Mwana wanga wamkazi atapita kunja kukaphunzira, funso limodzi linandisowetsa mtendere: akuphunzira chiyani kwenikweni? Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndinachokera kuchigawo chapakati kudzagwira ntchito pafupi ndi Uliwa, ndipo kuno mphunzitsi sayenera kunena kuti sakudziwa. Kutchalitchi ankandifunsa, pamsika ankandifunsa, ngakhale wa kabaza ankatembenuka uku akupalasa kuti afunse.

Pafoni mwanayo anandiuza kuti amafufuza kanyama kena ka m'nyanja ya mchere, kozungulira, ka minga thupi lonse. Ndinati, "Ndiye kanungu ameneyo." Iye anaseka, nati ndingokatchula choncho. Kanungu wokhala m'madzi! Tsiku lina ndinafunsa asodzi ku Chilumba ngati anamukolapo muukonde, ndipo anandiseka mpaka wina anakhala pansi.

Ulendo wina mwanayo anati si kanunguyo ayi, ndi mazira ake. Ndiponso si dzira lenilenilo, koma mluza. Nditati tsopano ndamva, anawonjezera kuti si mluzanso ayi, koma mapuloteni amene maselo a mluzawo amatulutsira kunja kwawo. Apa mutu unandizungulira, ndipo ndinapsa mtima ndithu. Munthu wapita kutali konseko, wasiya nyama, wasiya dzira, n'kumakaphunzira za m'mipata?

"Amayi, njerwa zimagwirana ndi chiyani?" anandifunsa.

"Matope."

"Basitu. Kungoti apa njerwazo zimadzipangira zokha matopewo. Mukawachotsa, mluza umabalalika."

Mawu amenewo ndinawagwira ndi manja awiri. Aliyense wondifunsa ndinkamuyankha mwamphamvu kuti mwana wanga akuphunzira zomatira zogwira mluza kuti usabalalike. Za kanungu sindinkazitchulanso, asodzi aja anali atandikwana.

Atabwera kutchuthi, m'mawa wina kunafika mayi wachitsikana wa ku Vinthukutu, amene ankatigulitsa ufa wa chinangwa. Tsikulo analibe katundu pamutu. Anakana mpando, nakhala pansi pakhonde.

"Yewo, mama. Ndabwera kwa adokotala aja," anatero. "Nthumbo zanga sizikhala, zikungochoka. Iyi ndili nayo sono, apongozi ati ikachokaso ndiwerere kwathu, mwana wawo akwatire munyake."

Kuti nthumbo ndi mimba ndinkadziwa. Chimene sindinamvetse ndi adokotalawo. Ndinamuuza kuti wasochera nyumba, anamwino amakhala kuseri kwa msika.

"Yayi, mama, ndi pano. Ndamva mwana wanu ali ndi munkhwala womata."

Mwana wanga anali atatuluka, kapu ya tiyi ili m'manja. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana nkhuku zimene zinkapalasa pabwalo. Kenaka anakhala pansi pafupi ndi mayiyo n'kuyamba kufotokoza pang'onopang'ono. Anati iye si dokotala wa anthu. Amathira timazira ta kanyama ka m'nyanja m'kambale ka galasi, n'kumaona ndi makina mmene maselo akugwiranirana.

Mayiyo anamvetsera, pakamwa pali yasa. "Ndiye ana a nyama mukuwamata, a wanthu yayi?"

"Sitimata, achemwali. Timangoyang'ana kuti timvetse."

"Kuyang'ana pera?"

Kunena zoona, funso limenelo linalinso langa. Mumtima ndinkayembekezabe kuti mwanayo alowa m'nyumba, atsegula chikwama chake, atulutsamo kabotolo ka mankhwala. Zaka zonse zimene anakhala kunjako zinali za kuyang'ana basi? Ndinamva chisoni ndi mayiyo, ndinamvanso mkwiyo, koma sindinadziwe woti ndimukwiyire.

Mwana wanga anamuchonderera kuti ayambe sikelo msanga, akamuyeze magazi, ndipo anati amuperekeza. Mayiyo ankangogwedeza mutu ngati munthu amene akumva nkhani yakale. Chala chake chinkakanda simenti ya pakhondepo. Kenaka anadzutsa nkhope.

"Timazira tanu tija, tikabalalika m'mbalemo, mumati walakwa ndi njani? Mama wake?"

"Ayi," anayankha mwana wanga. "Zimachitikira mkati mwa mluzamo. Ngakhale kwa anthu, mimba zambiri zimachoka popanda chimene mayi walakwa."

"Mubwereze."

Anabwereza.

Mayiyo anaimirira, namanga chitenje chake mwamphamvu. Ine ndinayamba kumupepesa kuti wayenda ulendo wopanda phindu, koma sanandiyang'ane n'komwe. Maso ake anali pa mwana wanga.

"Kuchipatala ndipita ndekha, njira ndikuidziwa. Imwe tiyeni ku Vinthukutu. Mawu amenewo mukawanene pamaso pa apongozi anga, amve kwa munthu wa sukulu."

Mwana wanga anaika kapu pansi, nalowa m'nyumba kukavala nsapato.