Kabokosi ka Adokotala ndi Makutu Obwereka

Dzina lakuti Adokotala analipata pa 9 Juni 1991. Tsiku limenelo anamangirira kachidutswa ka paipi yamkuwa pa injini ndi bawuti, n'kulumikizako mipope iwiri yapulasitiki yopita m'makutu mwawo. Mwini galimoto ataona makaniko watsinzina, mipope ili m'makutu, anafunsa ngati wodwalayo achira kapena aitaniretu abale. Dzinalo linawakanirira ngati girisi wa m'zikhadabo.

Galaja yawo inagundizana khoma ndi kachipinda kamene akazi awo, Atelala, ankasokeramo zovala. Uku nyundo, uku makina osokera, ndipo banja linakula pakati pa maphokoso awiriwo.

Kuyambira mu 2009 ntchito yawo inasintha. Kompyuta ya galimoto ikapsa, kapena mwini wake akafuna mphamvu zoonjezera, Adokotala ankaikamo ina yogula padera. Kompyuta yotereyo imabwera ili mbuli. Umaiphunzitsa wekha kuti petulo alowe wochuluka bwanji, ndiponso kuti moto wa mapulagi uyake liti. Motowo ukaufulumizitsa galimoto imakoka bwino, koma ukapyola pang'ono petulo amaphulika mwachisawawa, injini n'kuyamba kugogoda. Kugogodako sikusokosa. N'kaphokoso kosongoka, ngati timiyala tiwiri titatu m'chitini, koma kakapitirira kamaboola pisitoni. Makompyuta otchipa amene anthu ankakwanitsa kugula sankakamva. Wokamva anali Adokotala, mipope ili m'makutu, galimoto ikukwera chitunda cha kuseri kwa msika.

Makutu sachoka tsiku limodzi. Anayamba kusowa kulira kwa timba, kenako belu la njinga. Adokotala anangokwezera wailesi, namadandaula kuti anthu amasiku ano amayankhulira m'mphuno. Mumtima ankadziwa, koma munthu amene mbiri yake yonse ili m'makutu angauze yani?

Pa 17 Ogasiti 2022 anatchuna kompyuta ya pikapu ya alamu awo, mchimwene wa Atelala, amene amanyamula matabwa. Anakwera nayo chitunda, osamva kanthu, ndipo anati yakhala bwino. Pa 29 Ogasiti pikapuyo inabwerera ikukokedwa ndi chingwe. Atatsegula injini anapeza pisitoni yachitatu ili ndi bowo lolowa chala chachikulu, m'mphepete mwake monyenyeka ngati mwadya chiswe. Alamu anaiyang'ana pisitoniyo padzuwa, nanena kuti sanaonepo wodwala akumwalira mankhwala ali m'kamwa. Adokotala ananamizira petulo woipa. Alamu anavomera ndi pakamwa pokha.

Injiniyo anaimanganso. Koma inafunika kutchunidwanso, ndipo makutu anali omwe aja. Ikafa kachiwiri, ndiye kuti alamu ataya chowadyetsa, ndipo dzina la Adokotala litsala lonyoza.

Choncho anaganiza zopangira injiniyo khutu lakelake. Kogulitsa zitsulo zakale anapezako sensa yomva kugogoda, kanthu kakang'ono ngati kagudumu ka ulusi, n'kukamanga pafupi ndi pomwe ankamanga paipi yamkuwa. Anaba kachitini ka mabatani ka Atelala, mabataniwo n'kuwakhuthulira m'kapu. M'kachitinimo anawotchereramo tizipangizo tosefa phokoso kuti padutse losongoka lokha, naikapo chopotokola cha wailesi yakale. Waya wina unapita ku kababu kofiira ka padashibodi, wina ku kompyuta kukaiuza kuti ichedwetse moto kugogoda kukangoyamba. Anatha masabata atatu, zala zitapsa ndi mtovu.

Kabokosiko kanagwira ntchito, koma vuto linatsala pa chopotokola. Akapotokolera kumanzere kababu kankayakira chilichonse: kulira kwa mavavu a injini, dzenje la mumsewu, ngakhale kumenyetsa chitseko, ndipo pikapu inkachita ulesi ngati bulu wokhuta. Akapotokolera kumanja kankangokhala duu. Malo oyenera anali pakati penapake, pomwe timiyala tija timayambira, ndipo malowo akanawapeza ndi munthu wakumva yekha. Kabokosi kopangidwa kuti kalowe m'malo mwa makutu kanafuna makutu oti akaphunzitse.

Masana a pa 21 Seputembala Atelala anawapeza atakhala m'pikapu, injini yozima, dzanja lili pa chopotokola. Anabwera kudzatenga chitini chawo. Anayang'ana mawaya otuluka m'chitinimo, anayang'ana amuna awo, kenako anaima mbali yakumanzere, kumene khutu linali bwinoko.

"Tsiku lija achimwene ankakwera kamtunda ka pageti atanyamula matabwa, ine timiyala ndinatimva."

"Munatimva muli pamakina?"

"Zaka makumi atatu khoma limodzi, bambo. Mumayesa ndimasoka ndi makutu?"

Adokotala anafunsa chifukwa chimene sananenere. Atelala anati ankaganiza kuti eni ntchito amva kale, ndipo telala akalowerera za injini, mawa makaniko adzalowerera za madiresi.

Panapita nthawi Adokotala akupukuta manja oyera kale.

"Makutu anga atha, mayi."

"Anatha pa 6 Novembala chaka chatha. Ketulo inalira mpaka kuuma madzi, inu muli pampando pomwepo mukuwerenga nyuzipepala."

Chovuta kwenikweni chinali kuuza alamu, poti woyendetsa anafunika, katundunso anafunika. M'mawa mwake Adokotala anawaimika pafupi ndi pikapu n'kuwauza kuti petulo uja analibe mlandu. Alamu anakanda chibwano nthawi yaitali. Kenako anati iwonso anaona kalekale, chifukwa munthu sungamupatse moni katatu iye n'kumayankha za mvula. Anangoyamba kupakira matabwa.

Anakhala atatu kutsogolo: alamu pachiwongolero, Atelala pakati atakankhira mpango kumbuyo kuti mipope ilowe m'makutu, Adokotala kuchitseko, laputopu pamiyendo, chitini m'manja. Anapangana kuti Atelala akamva timiyala atsine Adokotala pabondo. Alamu anachenjeza kuti achemwali awo kutsina anayamba ali mwana, ndipo sadziwa kuchita pang'ono.

Ulendo woyamba, pakati pa chitunda, chitsino chinabwera koma kababu kanali gone. Alamu anachotsa phazi msanga, Adokotala napotokolera kumanzere. Ulendo wachiwiri kababu kanayaka ali m'munsi, Atelala akupukusa mutu kuti palibe kanthu. Anakwera, natsika, nakweranso, mpaka amayi ogulitsa pamsika anayamba kufunsana ngati matabwawo asowa kwawo. Ulendo wachisanu ndi chimodzi chitsino ndi kababu zinafika pamodzi. Kababu kanaphethira kawiri n'kuzima, ndipo pikapu inapitiriza kukoka.

"Timiyala tasiya," anatero Atelala. "Kachitini kanga kaiuza kompyuta."

Adokotala sanamve mawuwo chifukwa cha kulira kwa injini, koma anaona zala zikumasuka pabondo pawo. Anapempha choko chosokera chimene chinali m'thumba la Atelala, nalemba kamzere pa chopotokola, ndipo atafika kugalaja anachimata ndi guluu kuti chisasunthenso.

Kuchokera tsiku limenelo apanga mabokosi khumi ndi limodzi. Lililonse limaphunzitsidwa pa chitunda chomwecho, Atelala atatseka makina awo kwa ola limodzi, ndipo makasitomala amauzidwa poyera kuti makutu ndi a yani. Ena awiri atamva zimenezo anapita kwina. Pikapu ya alamu ikunyamulabe matabwa, ndipo pa 22 Seputembala chaka chino inakwanitsa zaka ziwiri injini isanatsegulidwe. Mipope ija siikhalanso m'galaja. Imapachikidwa kuseri kwa khoma, pa msomali umodzi ndi tepi yoyezera nsalu, ndipo Adokotala akaifuna amayamba agogoda pachitseko.